Nthenda Ziwiri M'diso Limodzi

Anthu ambiri m'dziko muno amalidziwa boma la Mwanza chifukwa cha manachesi ake otsekemera ndiponso chipata cha m'malire chimene magalimoto akuluakulu amatulukira popita ku Zobue, ku Tete mpaka ku Zimbabwe. Ndi ochepa amene amadziwa kuti dzina la bomali linalembedwanso m'mabuku a madokotala a maso. Mbiri imene tifotokoze pano ndi ya nthenda za maso m'dera lino ndi m'madera oyandikana nalo, makamaka ya nthawi imene achipatala anazindikira kuti diso limodzi likhoza kugwidwa ndi nthenda ziwiri pa nthawi imodzi: nthenda yobwera ndi tizirombo ndi nthenda ya khansa. Kuzindikira kumeneku sikunabwere tsiku limodzi ayi. Kunatenga zaka zambiri, ndipo pamene kunkafika n'kuti anthu ochuluka atataya kale maso awo, ena moyo umene.

Makolo athu ankazidziwa nthenda za maso ndipo ankazisiyanitsa monga momwe ankazionera. Ankadziwa maso ofiira otuluka manthongo, amene amagwira banja lonse pakanthawi kochepa kenaka n'kutha okha. Ankadziwa ng'ala ya okalamba. Ankadziwanso kuti mwana akadwala chikuku maso ake amafunika kuwayang'anira, pakuti ana ambiri ankachira chikukucho koma n'kutsala ndi chipsera choyera pamwamba pa diso, ena osaonanso mpaka kalekale. Lero tikudziwa kuti chikuku chimatha vitamini A m'thupi la mwana, ndipo vitaminiyu akasowa, kachikopa koonekera kamene kamaphimba mboni ya diso kamauma ndi kuchita chilonda. Kachikopa kameneka, kamene achipatala amakatcha cornea, ndi kamene tizikatchula kuti galasi la diso m'nkhani ino.

Panalinso nthenda ya trachoma, imene imayamba ndi kachirombo kotchedwa Chlamydia trachomatis. Ntchentche, zala ndi nsalu zopukutira kumaso ndi zimene zimaifalitsa, makamaka kumene madzi ndi osowa. Mwana akaidwala kawirikawiri, m'kati mwa chikope mumachita zipsera, ndipo akadzakula chikopecho chimapindikira m'kati kotero kuti nsidze zimakanda galasi la diso usana ndi usiku mpaka kuliwononga. Nthendayi inasautsa kwambiri anthu a m'chigwa cha Shire, kumene mtsinje wa Mwanza umakathera. M'chaka cha 1983 kunachitika kafukufuku wamkulu m'chigwamo wofuna kudziwa kuchuluka kwa anthu osaona ndi zifukwa zake, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchitoyo anali Dr. Moses Chirambo.

Dzina limeneli ndi lofunika kulisunga. Dr. Chirambo ndiye anali Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa matenda a maso. Iwo anaona kuti dziko la anthu mamiliyoni silingadalire madokotala awiri kapena atatu okhala m'mizinda, choncho analimbikira zoti ku Lilongwe kuziphunzitsidwa othandiza madokotala odziwa za maso, amene akanatha kukagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Maphunzirowa anakopanso ophunzira ochokera m'maiko ena a kumwera kuno kwa Africa. Pambuyo pake Dr. Chirambo anadzakhala nduna ya zaumoyo m'chaka cha 2009, ndipo anamwalira mu 2010. Munthu wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache akapeza woyeza maso pachipatala cha boma popanda kukwera basi ya ku Blantyre, akudya zipatso za mtengo umene anadzala ndi iwowo.

Nthenda imene inalembetsa dzina la Mwanza m'mabuku ndi ina, yotchedwa onchocerciasis. Imayamba ndi tinyongolotsi timene timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi tintchentche takuda toswana m'mitsinje ya madzi othamanga. Kuyambira m'chaka cha 1939, pamene dokotala wina wa boma la atsamunda dzina lake Gopsill analemba za nthendayi m'Nyasaland, anthu ankaiganizira kuti ndi ya ku mapiri a Thyolo, ndipo kumeneko ndi kumene Dr. Gilbert Burnham wa pachipatala cha Malamulo anadzaifufuza mozama. Koma m'chaka cha 1995 Paul Courtright ndi anzake anafalitsa zimene anapeza, zosonyeza kuti nthendayi inalinso m'boma la Mwanza, limene pa nthawiyo linkaphatikiza ndi Neno, pakuti maboma awiriwa anadzagawidwa mu 2003.

Pano pali chinthu chimene wophunzira chinenero angakondwere nacho. M'Chichewa mawu akuti khungu amatanthauza chikopa cha munthu, komanso amatanthauza kusaona. Kusiyana kwake kuli pa kakwezedwe ka liwu potchula. Nthenda ya onchocerciasis imagwira zonse ziwiri. Kumadzulo kwa Africa inkachititsa khungu midzi yathunthu mpaka anthu kuthawa minda yachonde ya m'mbali mwa mitsinje. Kuno kwathu inkasautsa kwambiri khungu la thupi: kuyabwa kosagonetsa tulo, timibulu pansi pa chikopa ndi mawanga m'miyendo. Kampani ya Merck inalonjeza mu 1987 kuti idzapereka ulere mankhwala a Mectizan kwa onse owafuna, ndipo kuchokera m'zaka za m'ma 1990 anthu a m'midzi ya kuno anazolowera kuona mnzawo wosankhidwa ndi mudzi akuyenda ndi ndodo yoyezera msinkhu, n'kumagawa mapiritsi molingana ndi kutalika kwa munthu, kamodzi pa chaka. Ankabwereza chaka ndi chaka chifukwa mankhwalawa amapha ana a nyongolotsi, pamene makolo ake amatha kukhala m'thupi zaka zoposa khumi.

Tafotokoza zonsezi kuti timvetse maganizo amene achipatala ndi anthu wamba anali nawo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kwa iwo diso lofiira linali diso logwidwa ndi tizirombo. Mankhwala ake anali odziwika: kachubu ka mafuta a tetracycline opaka m'maso. Nthawi zambiri maganizowa anali olondola, ndipo kachubuko kanapulumutsa maso osawerengeka. Khansa ya m'diso inkaonedwa ngati nthenda yosowa, ya nkhalamba zimene zapsa ndi dzuwa moyo wawo wonse, moti wogwira ntchito pachipatala chaching'ono akanatha kufika popuma ntchito atangoiona kangapo kokha.

Chenjezo loyamba loti tizirombo ndi khansa zikhoza kukhala pachibale linachokera ku Uganda. M'chaka cha 1958 dokotala wa opaleshoni Denis Burkitt analemba za chotupa chimene chinkagwira ana m'nsagwada, ndipo nthawi zina chinkamera kuseri kwa diso n'kulikankhira kunja. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pagalimoto ulendo wautali m'maiko a kummawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, akufunsa m'zipatala ngati chotupachi chinkaoneka. Anapeza kuti chinkachuluka m'madera otentha ndi achinyontho, kumene malungo amavuta chaka chonse. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachirombo m'zidutswa za chotupacho, ndipo aka kanali koyamba kuti kachirombo ka mtundu wa vayirasi kapezeke kuti kali ndi mbali pa khansa ya munthu. Chotupa cha Burkitt chinadzakhala imodzi mwa khansa zodziwika kwambiri m'chipinda cha ana pachipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha kuti Gulupu, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux anagwira ntchito yaikulu yopeza njira yochizira anawo ndi mankhwala amene dziko losauka lingakwanitse.

Kenaka kunabwera Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi nthendayi m'Malawi analembedwa m'chaka cha 1985. Zaka zimenezo zinali zovuta ku Mwanza. Nkhondo inali m'kati ku Mozambique, anthu othawa kwawo ankalowa m'dziko muno mpaka chiwerengero chawo chinapitirira miliyoni imodzi mgwirizano wa mtendere wa mu 1992 usanasainidwe, ndipo ambiri anakhala m'misasa monga wa ku Chifunga ndi wa ku Luwani. Zipatala zinali zodzaza, mankhwala osakwanira. Kachirombo ka HIV kanafalikira mwakachetechete m'dziko lonse, m'mizinda, m'malo ochitira malonda ndi m'misewu ikuluikulu, kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse anali nako.

Madokotala a maso anali m'gulu la oyamba kuona kuti zinthu zasintha. Kunayamba kubwera anyamata ndi atsikana a zaka makumi awiri kapena atatu ali ndi matuza owawa ngati moto pamphumi, mbali imodzi yokha, othera pakati penipeni pa nkhope ngati wina wachita kulemba mzere. Awa ndi mashingozi, amene amayamba ndi kachirombo ka nthomba yaing'ono ija ya paubwana. Kachiromboka sikachoka m'thupi. Kamabisala m'mitsempha n'kudzadzuka chitetezo chikafooka. Matuzawo akafika pansonga ya mphuno, kawirikawiri ndiye kuti diso nalo lagwidwa. Dr. Susan Lewallen, amene ankagwira ntchito ku Blantyre, analemba za odwala otere mu 1994, ndipo anaonetsa kuti ambiri a iwo ankatsala ndi diso lowonongeka kwambiri. Kunabweranso ena okhala ndi banga lofiira kwambiri kunsi kwa chikope, looneka ngati magazi oundana a munthu amene wamenyedwa. Banga la kumenyedwa limazimirira pakatha milungu iwiri kapena itatu, ili silinkazimirira. Inali khansa ya Kaposi, imene Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872, ndipo kachirombo koiyambitsa kanadzapezeka mu 1994.

Koma chimene chinadabwitsa koposa chinali kachotupa kena komera pa choyera cha diso, m'malire mwa choyeracho ndi galasi la diso. Khansa imeneyi ndi ija inkadziwika ngati ya nkhalamba, koma tsopano inkapezeka mwa amayi oyamwitsa ndi abambo a mphamvu zawo, ndipo inkakula mofulumira. Madokotala a ku Rwanda analemba za ubale wake ndi HIV mu 1990, a ku Uganda mu 1995. M'chaka cha 1996 Keith Waddell, Susan Lewallen, Pulofesa George Liomba wa ku sukulu ya zaudokotala ya ku Blantyre ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ku Uganda ndi ku Malawi, zimene zinatsimikiza kuti odwala khansayi ambiri anali ndi kachirombo ka HIV. Kafukufuku wina wochitikira ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse obwera ndi chotupachi anali ndi kachiromboka, ndipo kwa ambiri a iwo chotupa cha m'diso ndicho chinali chizindikiro choyamba chooneka. Munthu ankabwera kudzadandaula za diso, osadziwa kuti diso likuulula za thupi lonse.

Chifukwa chake n'chomveka tikachilingalira bwino. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza china chosaoneka ndi maso chimene chimawononga timaselo ta pamwamba pa diso, makamaka pa kampata kamene zikope siziphimba diso likatseguka. Mwa munthu wathanzi, asilikali a m'thupi amazindikira timaselo towonongeka n'kutichotsa tisanachulukane. HIV ikapha asilikaliwo, timaselo toipato timaswana popanda wotiletsa. Dzuwa ndilo limayatsa moto, HIV n'kuchotsa ozimitsa. Akatswiri atasonkhanitsa ziwerengero za m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti khansayi ndi yochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, ndipo imafika pachimake cha m'ma digiri 16 kumwera kwa mzere wa Equator. Ophunzira amene ali ndi mapu apafupi ayang'ane pamene pali Mwanza: apeza kuti bomali lili pakati pa digiri 15 ndi 16. Mlimi wa ku Thambani amene amalowa m'munda dzuwa lisanatuluke n'kuweruka lili paliwombo, ndi mayi wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu tsiku lonse, amakhala pansi pa dzuwa lomwelo.

Tsopano tafika pa phata la nkhani yathu. Vuto lalikulu silinali lakuti kwabwera nthenda yatsopano chabe, koma kuti nthendayo inkabisala kuseri kwa nthenda zakale. Chotupachi chikamayamba chimafiiritsa diso, chimatulutsa misozi ndipo munthu amamva ngati mwalowa kachitsotso. Zonsezi ndi zizindikiro za maso ofiira wamba. Komanso chimafanana ndi kanyama kena kosaopsa kamene kamamera m'maso mwa anthu ambiri ogwira ntchito padzuwa ndi pafumbi. Choncho wodwala ankalandira kachubu ka tetracycline. Popeza pamwamba pa chotupa pamakhaladi tizirombo nthawi zina, manthongo ankachepa, kufiira n'kutsikako, wodwala ndi wopereka mankhwala onse n'kukhutira kuti nthenda yagonja. Pakatha mwezi diso linkafiiranso, n'kulandira kachubu kena. Mankhwala ankachizadi nthenda imodzi, koma kuchira kwa imodziyo ndiko kunkaphimba inzake.

Zikalephereka kuchipatala, ambiri ankapita kwa sing'anga kapena kwa agogo odziwa zitsamba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 anapeza kuti mwa odwala zilonda za pa galasi la diso m'midzi ya m'Malawi, pafupifupi mmodzi mwa atatu anali atathira kale mankhwala achikuda m'maso. Madzi a masamba ofinyidwa ndi manja, phulusa kapena utomoni zimatha kutentha diso, ndiponso zimalowetsamo tizirombo ndi nkhungu. Motero diso limene linali ndi khansa yokha linkapeza chilonda cha mafinya pamwamba pake. Ine sindigwirizana ndi amene amathamangira kunyoza asing'anga pa nkhani imeneyi. Munthu amapita kumene kuli pafupi ndiponso kumene amamulandira mwaulemu, ndipo ngati kuchipatala wapatsidwa mankhwala amodzimodzi katatu popanda womuyang'anitsitsa m'diso, sitingamudzudzule akakayesa kwina. Courtright, Lewallen ndi Chirambo anachita mwanzeru pamene anayamba kukhala pansi ndi asing'anga a m'chigawo chakumwera, kuwaphunzitsa nthenda zoyenera kutumiza msanga kuchipatala ndi kuwapempha kuti aleke kuthira zinthu m'kati mwa diso.

Chotupa chikasiyidwa chimakula mpaka kutulukira pakati pa zikope. Zikope zikalephera kutsekeka, pamwamba pake pamauma, pamang'ambika, pamalowa tizirombo, pamatuluka mafinya ndi fungo, ndipo ntchentche zimatha kuikirapo mazira. Pamenepa chinyengo chimatembenuka: woona amaganiza kuti ndi chithupsa chachikulu chofunika jakisoni, osadziwa kuti pansi pa mafinyawo pali khansa imene yayamba kulowerera m'phanga la diso ndi m'timisempha ta kutsogolo kwa khutu ndi kunsi kwa chibwano. Wodwala wotere amayamba kudzibisa m'nyumba, nkhope ataiphimba ndi chitenje, ndipo manyazi amawonjezera miyezi ina pa kuchedwa kuja.

Kodi achipatala anaphunzira bwanji kusiyanitsa ziwirizi? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chida choyamba ndi kudekha komweko pofunsa ndi poyang'ana. Maso ofiira wamba kawirikawiri amagwira maso onse awiri, amapezekanso mwa ena m'banjamo, ndipo amatha pasanapite milungu iwiri. Khansa imagwira diso limodzi, imakhala malo amodzi, ndipo poyamba sipweteka kwenikweni. Ukaiunika ndi tochi imaoneka yotukuka, nthawi zina yonyezimira ngati nyama yanthete, nthawi zina yokutidwa ndi kachigamba koyera ngati choko, kapena ya mawanga oderako, ndipo pamakhala mitsempha ya magazi yonenepa yolunjika pa iyo ngati tinjira topita pachitsime. Kuchipatala chachikulu amagwiritsa ntchito makina oonetsa diso mokulitsa, ndipo amadonthezamo utoto wachikasu wa fluorescein umene umawalitsa chilonda chilichonse cha pa galasi la diso. Ngati pali mafinya amatengako pang'ono kuti akaone ngati muli mabakiteriya kapena nkhungu, pakuti mankhwala a ziwirizi ndi osiyana. Chilonda chobwera munthu atabayidwa ndi tsamba la chimanga kapena udzu chimakhala cha nkhungu kawirikawiri. Koma chigamulo chenicheni chimachokera kwa katswiri woyeza kachidutswa ka chotupacho pa maikulosikopu. Ndipo wodwala aliyense wa chotupa chotere amalangizidwa kuyezetsa magazi.

Pochiza, dongosolo ndi lofunika ngati mankhwala amene. Tizirombo tikhoza kuboola galasi la diso m'masiku owerengeka, pamene khansayi imayenda pa milungu ndi miyezi, choncho dokotala amayamba wazimitsa moto wapafupi. Amatsuka diso, amapereka mankhwala opha tizirombo odontheza pafupipafupi, mwina ola lililonse, ndipo ngati ndi mashingozi amapereka mapiritsi a acyclovir, amene amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyambirira. Kudula diso lodzaza mafinya n'kutsegulira tizirombo khomo lolowera m'kati. Komabe kudikira kumeneku kuli ndi malire. Ndi kwa masiku, osati kwa nyengo. Pali msampha winanso umene ophunzira ayenera kuudziwa: mankhwala odontheza a mtundu wa steroid, amene ena amagula okha m'masitolo chifukwa amachotsa kufiira msanga. Mankhwalawa amagonetsa chitetezo cha diso, motero nkhungu ndi mavayirasi zimakondwa, ndipo diso limaoneka loyera pamene likuwonongeka.

Tizirombo tikagonja, chotupa chimachotsedwa. Njira imene madokotala ambiri amatsata inafotokozedwa bwino ndi Jerry Shields ndi Carol Shields a ku Philadelphia mu 1997: dokotala amadula mozungulira, kusiya mpata wa mamilimita atatu kapena anayi a mnofu wooneka wabwino, ndipo sakhudza chotupacho ndi zida zake kuopa kumwaza timaselo ta khansa pamalo abwino. Kumene kuli makina ake amaumitsa m'mbali mwa bala ndi kuzizira koopsa kuti aphe totsalira. Opaleshoni imeneyi ndi yaifupi, munthu sagonekedwa tulo, amangochititsidwa dzanzi diso lokhalo, ndipo amabwerera kwawo akuona. Koma chotupa chikalowa m'kati, diso lonse limachotsedwa. Chikafalikira kuseri, amachotsa zonse za m'phanga la diso pamodzi ndi zikope, n'kusiya dzenje pankhope. Kusiyana kwa opaleshoni yoyamba ija ndi yomalizayi kawirikawiri ndi miyezi chabe ya kuchedwa. Kwa zaka zambiri, kufikira m'zaka za m'ma 2020, dziko lathu linalibe makina owotcha khansa ndi cheza, kotero kuti wofuna chithandizo chimenecho ankayenera kutumizidwa kunja, mwayi umene unkagwera ochepa.

Kuchokera pa boma la Mwanza kufika ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First m'kati mwa Queen Elizabeth, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Pamapu ndi pafupi. Koma kwa munthu wa ku Kunenekude kapena ku Tulonkhondo ulendowu uli ndi masitepe ambiri: kuchoka kumudzi kupita kuchipatala chaching'ono, kuchoka apo kupita pa boma, kenaka mumzinda, ali ndi womudikirira amene naye wasiya munda. Akachitidwa opaleshoni ayenera kubwereranso kukamva zotsatira ndi kukaonetsa bala, ndipo ulendo uliwonse ndi mbuzi kapena thumba la chimanga. Ambiri akaona kuti diso layera sabwereranso. Apa ndi pamene khansayi imapezera mpata, pakuti ili ndi khalidwe lophukanso ngati chitsa.

Zinthu ziwiri zinasintha mbiri imeneyi. Choyamba chinali mankhwala otalikitsa moyo. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka ku Chiradzulu mu 2001, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwagawa ulere m'zipatala za m'dziko lonse. Ku Neno, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba ntchito mu 2007. Kale kuuza munthu wa chotupa cha m'diso kuti akayezetse kunali ngati kumuwerengera chilango cha imfa, ndipo achipatala ena ankazengereza kutero. Mankhwala atabwera, kuyezetsa kunasanduka gawo la chithandizo. Khansa ya Kaposi imatha kuphwa munthu akayamba ma ARV, ngakhale kuti yofalikira imafunanso mankhwala a khansa. Koma chotupa cha pa choyera cha diso sichinathe monga ambiri ankayembekezera. Chimapezekabe ngakhale mwa anthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika, ndiponso mwa ena amene alibe kachiromboka n'komwe, chinthu chimene anthu okonda kuloza anzawo zala ayenera kuchikumbukira.

Chachiwiri chinachokera ku Kenya. Dr. Stephen Gichuhi ndi anzake anayesa mankhwala akale ndiponso otsika mtengo a khansa, otchedwa 5-fluorouracil, powasungunula kukhala odontheza m'maso. Odwala amene anachotsedwa chotupa anawagawa m'magulu awiri: ena ankadontheza mankhwalawa kanayi pa tsiku kwa milungu inayi bala litapola, ena ankadontheza madzi opanda mankhwalawo. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti patatha chaka chotupa chinabwereranso mwa anthu 36 pa 100 alionse a gulu lachiwiri, koma mwa anthu 11 okha pa 100 a gulu loyamba. Naponso dongosolo lija likugwira ntchito: mankhwalawa amaletsa timaselo kuswana, abwino ndi oipa omwe, choncho kuwadontheza pa diso la chilonda chosapola kapena la mafinya n'kuwonjezera vuto.

Ana nawo ali ndi khansa yawo ya m'diso imene imasocheretsa chimodzimodzi, ngakhale kuti ilibe ubale ndi HIV. Imatchedwa retinoblastoma, imagwira ana osapitirira zaka zisanu, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi mboni ya diso yowala moyera ngati diso la mphaka usiku, kapena diso loyamba kuyang'ana kumbali. Ikakula diso limafiira ndi kutupa ngati lagwidwa ndi tizirombo, ndipo mwana amatha kumwetsedwa mankhwala a chithupsa nthawi ikutha. M'maiko olemera ana oposa 9 mwa 10 amachira. Kuno ambiri amafika kuchipatala khansa itatuluka kale m'diso.

Mu September 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, kukhala dziko loyamba kumwera kwa Africa kuchita zimenezi. Zinatheka ndi maopaleshoni a zikope, kugawa mankhwala a azithromycin m'maboma athunthu, kusamba kumaso ndi zimbudzi, ndipo Pulofesa Khumbo Kalua ndi bungwe lake la BICO anathandiza kwambiri pofufuza kumene nthendayi inali. Katemera wa chikuku ndi timakapusozi ta vitamini A zachepetsa ana ochita khungu chifukwa cha zipsera. Kafukufuku wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse m'dziko muno ali ndi HIV, ndipo ambiri a iwo ali pa mankhwala. Nthenda za tizirombo zimagonja ndi piritsi logawidwa kwa mudzi wonse pa tsiku limodzi. Khansa ya m'diso ilibe piritsi lotero. Imapezeka mwa munthu mmodzimmodzi, ndi mlangizi wa zaumoyo kapena namwino amene wanyamula tochi n'kufunsa kuti diso lafiira kwa nthawi yaitali bwanji. Langizo lofunika kwa ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono ndi lakuti diso limodzi likafiira kupitirira milungu iwiri ngakhale lalandira mankhwala, kapena likamera kanthu kotukuka pa choyera chake, wodwalayo asapatsidwenso kachubu kena koma kalata yomutumiza kwa woyeza maso wa pa boma.